A Simeoni Murowa ndi Mboni za Kumanda

Anthu angapo andipempha kuti ndilembe za moyo wa a Simeoni Murowa, amene anaphunzitsa Chingerezi pa mishoni yathu kuno ku Thyolo kuyambira 1921 mpaka 1931. Ndavomera, koma amene akudikira mawu otamanda akhumudwa. Ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, iwo Chingerezi, ine masamu, ndipo tinkakhalira tebulo limodzi m'kachipinda ka aphunzitsi. Sanali munthu wokoma kukhala naye. Ankapsa mtima msanga, mawu oti zikomo ankawaumira, ndipo ukawauza nkhani iliyonse, ngakhale yoti kwa Nchilamwela kwagwa mvula, ankayamba akufunsa kuti, "Wakuuzani ndani?" Ophunzira anawapatsa dzina lomwelo. Akawaona akutsika pakhonde ankanong'onezana kuti a Wakuuzani akubwera.

Za ubwana wawo tinkadziwa zochepa. M'buku la mpingo munalembedwa kuti anafika pa mishoni mu 1904, mwana wamasiye wa zaka ngati khumi, ndipo anayamba ndi kudyetsa ng'ombe za sukulu asanalowe m'kalasi. Chinyanja chawo chinali cha m'mabuku, chosaonetsa kwawo kwa munthu, choncho tonse tinkawayesa Mmang'anja wa kuchigwa, iwo osatsutsa. Masiku amenewo kukhala Mlomwe sichinali chinthu chodzitama nacho pakati pa aphunzitsi. Azungu ndi anzathu ena ankati Anguru, anthu othawa kwa Apwitikizi, oyenera khasu ndi dengu la tiyi basi. Ine mayi anga ndi Mlomwe wa kwa Khwethemule, ndipo nthabwala zoterezi zikayamba ndinkangoyang'ana m'kaundula wanga. A Simeoni nawonso sankaseka, koma iwo sankaseka chilichonse, kotero panalibe chodabwitsa. Anakwatira a Emma, amene ankathandiza ku chipatala cha mishoni. Ana sanakhale nawo.

Asanakhale mphunzitsi anagwira ukalaliki zaka zisanu pa esiteti ina imene sindiitchula. Za zaka zimenezo ankasimba nkhani imodzi yokha, ndipo kalasi yatsopano iliyonse inkaimva tsiku loyamba. Anthu okhala pa malo a esitetiyo analembetsa kalata yodandaula, napita nayo ku boma, a Simeoni ali omasulira. Kalatayo inali ya Chingerezi chokometsera, cha mawu aataliatali, koma paliponse inkangoti anthu akunena, anthu akudandaula. Mzungu wa ku boma anaiwerenga, naitembenuza kuti aone kuseri, nafunsa kuti, "Anthu ake ati? Zinachitika liti? Anaona ndani?" Kalata inalowa m'dengu la zinyalala eni ake akuona.

"Kuyambira tsiku limenelo," ankatero a Simeoni, "ndinadziwa kuti pepala lopanda dzina la mboni ndi lokulungira mchere."

Kalasi yawo inali yapamwamba, ya amuna akuluakulu ofuna setifiketi ya uphunzitsi, ena a ndevu ndi ana kumudzi. Ntchito yaikulu inali kuwaphunzitsa kulemba komposishoni, ndipo nkhondo inagona pamenepa. Ophunzira athu anakula ndi maphunziro oloweza. Kwa iwo kulemba bwino kunali kubweza mawu a m'buku osataya ndi limodzi lomwe. Ku nyumba yawo yogona kunali kope lakale, lobisidwa m'denga la udzu, mmene munali makomposishoni amene anakhozetsapo anthu m'mbuyomo, ndipo gulu lililonse linkasiyira linzake ngati chuma chamasiye. Yotchuka koposa inali ya ng'ombe.

Tsiku lina ndikudutsa pa zenera ndinamva izi.

"Peterson, imirirani. Mwalemba apa kuti ng'ombe ya bambo anu imakupatsani mkaka, batala ndi tchizi. Bambo anu ali ndi ng'ombe?"

"Ayi, aphunzitsi. Ali ndi mbuzi ziwiri."

"Tchizi munachionapo?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Ndiye n'chiyani?"

"Ndikuyesa ndi sopo wa azungu."

Kalasi yonse inafa nalo phwete, kupatula a Simeoni.

"Ng'ombe iyi ndakhala ndikuiwerenga kuyambira 1922. Ikanakhala ya moyo bwenzi titaidya kalekale. Lembani za mbuzi ziwirizo."

"Mbuzi zilibe Chingerezi chokoma, aphunzitsi."

"Chingerezi chokoma chinalowa m'dengu ine ndikuona. Khalani pansi."

Pofuna kupha ng'ombe ija anakhazikitsa lamulo lawo. Wophunzira aliyense wa chaka chomaliza ankasankha nkhani ya kwawo, monga kusula makasu, matenda a nkhuku kapena chiyambi cha mudzi, ndipo pa tchuthi cha pakati pa chaka ankayenda kufunsa anthu odziwa, akulemba m'kope. Akabwera ankailemba m'Chingerezi, ndipo pansi pake ankandandalika maina a omuuza, mudzi wawo ndi tsiku limene anacheza nawo. Komposishoni imeneyi ndiyo inkapita ku Zomba kwa oyesa mayeso pamodzi ndi mapepala ena. Mphunzitsi ankasaina m'munsi kuti ntchitoyo ndi ya wophunzirayo ndiponso kuti ndi yoona, ndipo akapanda kusaina, setifiketi kunalibe. Ife a maphunziro ena tinkangosaina. A Simeoni ankatenga ndodo Lamulungu, pakuti ife timapembedza la Sabata, n'kuyenda m'midzi kukaona ngati mbonizo zilikodi.

Zotsatira zake zinali zogwetsa ulesi. Ambiri ankabwera ndi masamba awiri odzaza ndi kuti anthu amanena. Wina pa dzina la mboni analemba kuti munthu wina wokalamba. Wina nkhani yonse ya kusula makasu anafunsa mkazi wake yekha, amene sanagwirepo mvukuto chibadwire. Ena ankasintha ng'ombe kukhala nkhosa, tchizi n'kutsalamo. A Simeoni ankadula mizere ndi inki yofiira mpaka pepala kubooka, akung'ung'udza, ndipo inki ikawathera ankatenga yanga osapempha.

Everson Napwanga anabwera mu 1929 ali ndi zaka pafupifupi makumi atatu. Anali atalima ndi kutchola tiyi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zala zake zinali zitauma kotero kuti cholembera ankachigwira ngati mpini. Anali mkamwini pa mudzi wina wa pa malo a esiteti, kumene kunali mkazi wake Doris ndi ana awiri. Aliyense wokhala pa malo otere ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo amene wamangapo, ndipo amene mzungu wamuona kuti ndi wovuta ankalandira notisi yoti asamuke. Kwa Everson setifiketi sinali ya ulemu chabe. Akaipeza, mishoni ikamutumiza ku sukulu ya kumudzi, kunja kwa esiteti, ndipo akachotsa banja lake pa thangata. Akailephera akabwerera ku dengu, chifukwa munthu wa msinkhu wake sankaloledwa kubwereza.

Mu Seputembala 1931 anapereka komposishoni ya masamba asanu ndi anayi, yosimba mmene abale a mkazi wake anaolokera Ruo kuchokera kwa Apwitikizi ndi zimene anapeza kuno. Chingerezi chake chinali chotsimphina, koma munalibe mawu obwereka. Munali za mbewu ya chinangwa imene amayi anakulunga m'mphasa, za khanda limene analitseka pakamwa ndi nsanza kuti asilikali asamve, za nkhalango imene anapatsidwa kuti agwetse n'kulimapo. Munda ukangoyera, zitsa zitazulidwa, kunkabwera pepala, pamalopo pankadzalidwa mbewu za mzungu, anthu n'kusunthidwira kumtunda kukagwetsanso nkhalango ina. Zinachitika katatu, ndipo Everson analemba chaka cha kusamuka kulikonse ndi dzina la mtsinje umene ankatunga. Pansi panali mboni zitatu, Amosi Khoviwa, Jonas Mutepa ndi Rhoda Nihoma, aliyense ndi tsiku lake.

A Simeoni anaiwerenga pa tebulo lathu mpaka kumapeto osagwira inki yofiira. Anavula mandala, nawapukuta nthawi yaitali, kenaka anandikankhira mapepalawo.

"Tawerengani, a Dixon."

Pa zaka zonsezo aka kanali koyamba kundionetsa ntchito ya wophunzira popanda kutukwana. Ndinawerenga. Nditafika pa maina ndikanatha kukhala chete, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

"A Khoviwa awa si aja a diso limodzi, ankaluka nkhokwe?" ndinatero. "Amenewo ndinakumba nawo manda awo, chaka cha chimfine chachikulu."

Everson anaitanidwa nthawi yomweyo. Anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Amosi Khoviwa anamwalira mu 1919," anatero a Simeoni. "Inu mwalemba kuti munacheza nawo pa 4 Ogasiti chaka chino. Munachezera kuti?"

Everson anayang'ana pansi.

"Nanga a Mutepa?"

"Nawonso anatisiya, aphunzitsi."

"A Nihoma?"

"Chaka chatha."

"Bola amenewo, sanazizire kwenikweni!"

"Koma nkhaniyo ndi yoona yonse, aphunzitsi."

"Sindinafunse zimenezo. Wakuuzani ndani?"

"Sindingawatchule."

"Mulibe pakamwa?"

"Ndi apongozi anga, mayi a akazi anga."

Kwathu kuno mkamwini satchula dzina la apongozi ake aakazi, sadya nawo pamodzi, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. A Simeoni ankadziwa zimenezi monga wina aliyense, koma anafunsabe kuti nanga kufunsako kunkatheka bwanji.

"Iwo ankakhala kuseri kwa nkhokwe, ine mbali ino, a Doris pakati kumapititsa mawu. Masiku asanu ndi limodzi."

"Ndiye mukanangolemba kuti mayi a mkazi wanga. Dzinalo ndikanalemba ine ndi dzanja langa."

"Akapitawo amawadziwa akazi anga, aphunzitsi. Komposishoni yopambana imawerengedwa tsiku lotsekera sukulu, azungu a m'maesiteti atakhala kutsogolo. Apongozi anati ndisayerekeze."

Panali patatsala sabata imodzi kuti mapepala apite ku Zomba.

Lamulungu m'mawa tinanyamuka atatu. Ine ananditenga kuti ndikamasulire, poti mayiwo Chinyanja ankachimva koma akapsa mtima ankalowa Chilomwe. Tinayenda maola atatu, mtunda waukulu m'kati mwa tiyi, masamba amene ife a Sabata sitimwa n'komwe. Mudzi unali pamwamba pa chitunda, mizere ya tiyi itafika kale pa dzala. Titangolowa pabwalo, Everson anazimiririra kuseri kwa nkhokwe ngati nkhwali.

A Anesi, apongozi akewo, anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wamfupi, wa mphini m'masaya. Tinawapeza akutaya madzi a kalongonda, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lonse ndi kusintha madzi kangapo kuti zisazunguze mutu. Doris anatiyalira mphasa. Mayiwo anayang'ana nsapato za a Simeoni, kenaka jekete, kenaka ndodo.

"Awa ndi aja amayenda kuwerenga nkhalamba? Mwachedwa, bambo. Zanu zitatu zili uko kumsitu. Mukagogode."

A Simeoni anafotokoza moleza mtima kuposa mmene ndinawamverapo. Anati nkhaniyo ndi yofunika, akuluakulu a ku Zomba akaiwerenga, ndipo ikakhala ndi dzina la munthu wamoyo palibe angaiponye m'dengu, koma maina a akufa aipha yonse.

"Mainawo ndinasankha ndine," anatero a Anesi. "Onse atatuwo ndinaoloka nawo limodzi. Akanakhala moyo akananena zomwezo, kungoti a Amosi akanathiramo ndi mabodza. Ndawalakwira chiyani? Wakufa sapatsidwa notisi."

"Mayi, ine sindingasaine bodza."

"Bodza lake liti? Sitinaoloke? Sitinagwetse mitengo?"

"Bodza lili pa dzina."

"Dzina ndi langa, bambo, ndipo likhala m'nyumba muno. Inu mukalilemba mupita kukagona pansi pa malata a mishoni. Ine ndi adzukulu tikagona pati? Pamwamba pa chitunda ichi palibenso kumtunda kwina."

"Ndikapanda kusaina, akamwini anu alephera."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola.

"Auze bambo a Eneless asiye kutsokomola," anatero mayiwo kwa Doris, kutchula mkamwini wawo ndi dzina la mwana. "Dengu lawo silinaole." Kenaka anatembenukira ku mphika nanena m'Chilomwe, poyesa kuti mlendo sakumva, "Munthu wa nsapato angadziwe bwanji kuzizira kwa madzi a Ruo?"

Ndisanaganize ngati ndimasulire kapena ayi, a Simeoni anayankha okha, m'Chilomwe cha kutsidya, chozama kuposa cha mayi anga.

"Amafika m'khosi mwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinagwira nsalu ya amayi ndi mano."

A Anesi anaika chipande pansi nawayang'anitsitsa.

"Tanenaninso."

A Simeoni anatsamira ndodo yawo, mayiwo napitiriza.

"Mawu amenewa ndinawamvapo. Pa kusamuka kwachiwiri kunabwera kapitawo ndi kalaliki wa kolala yoyera atanyamula pepala. Anatiwerengera m'chiyankhulo chathu kuti timve bwino. Chimanga chinali chitamasula ngayaye."

"Ndinali ine," anatero a Simeoni.

"Ndiye mukudziwa kumene maina amapita akalembedwa." Anatolanso chipande chawo. "Doris, alendo adye kalongonda asanapite. Wapsa uyu, sapenga naye."

Pobwerera Everson ankatsalira m'mbuyo dala. Ine ndinayesa kuthandiza.

"Sainani, a Murowa. Ku Zomba ndani akudziwa kuti a Khoviwa anafa?"

"Ndikudziwa ine. Ndi inu, amene munalephera kusunga pakamwa."

"Apo ayi, muloleni alembe za ng'ombe. Imakhozetsa, mukudziwa."

"Bola ndimwe inki."

Za Chilomwe chija sindinafunse, ndipo iwo sanatchule.

Lolemba m'mawa Everson anabweretsadi ng'ombe ija, ataikopera mwaluso, popanda dontho la inki. Anaiika pa tebulo lathu ndi manja awiri.

"Ndili ndi ana, aphunzitsi."

A Simeoni anayang'ana mzere woyamba wokha, naibweza.

"Ndikudziwa kuti muli ndi ana. Ng'ombe mulibe. Mubwere tikaweruka, ndi kope latsopano."

Masana ndinabwerera ku kalasi kukatenga choko. Ndinapeza Everson ali pa mpando wa aphunzitsi, kope patsogolo, thukuta lili kamukamu. A Simeoni anali pa benchi ya ophunzira, maondo atagunda desiki.

"Funsani," ankatero. "Mboni yamoyo ndi ino. Imakhala pa malo a mishoni, notisi siifika."

"Aphunzitsi, kodi munavutika kwambiri?"

"Funso lanji limenelo? Ndikati eya mulemba chiyani? Funsani chaka. Funsani kuti tinaolokera pati. Funsani amene analipo. Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikulankhula ndi khoma kodi?"

Anachita zimenezi masana atatu. Zina ndinamva ndili pakhomo, zina ndinawerenga pambuyo pake. A Simeoni anaoloka Ruo mu 1901 ndi amayi awo, amene anamwalira chaka chotsatira ali pa thangata. Anasimbanso za ukalaliki, kuti manotisi ankalemba ndi iwo, ndipo ankapita ndi kapitawo kukawawerenga. Inali midzi isanu ndi iwiri, ndipo anatchula chaka ndi mwezi wa uliwonse. Everson atazengereza kulemba zimenezi anamukalipira, nati wofufuza sasankhira mboni zonena.

Koma anaumiriranso kuti chilichonse chimene iwo sanaone ndi maso awo chituluke. Mbewu ya chinangwa ija inatuluka, khanda lija linatuluka. Kusamuka koyamba ndi kwachitatu kunatulukanso, poti iwo kunalibe, ndipo abale a Doris sanatchulidwe paliponse. Pa masamba asanu ndi anayi panatsala anayi ndi theka, ouma ngati lipoti, ndipo pansi pake panali dzina limodzi: Simeoni Murowa, mphunzitsi, wobadwira kutsidya kwa Ruo, kale kalaliki wa pa esiteti.

Lachinayi anaichonga pa tebulo lathu ndi inki yanga. Anapereka zisanu ndi chimodzi pa khumi, nalemba m'mphepete kuti mboni ndi imodzi yokha, wolemba akanafufuza kwa enanso. Kenaka anasaina.

"A Murowa, izi ndiye nkhanza," ndinatero.

"Ndanama? Mboni imodzi ndi mboni imodzi. Yoyamba ija inali ya zisanu ndi zinayi." Anatseka botolo mwamphamvu mpaka inki inadonthera pa kaundula wanga.

Komposishoniyo inapita ku Zomba, koma inayamba yadutsa m'manja mwa mzungu wamkulu wa sukulu, monga mwa nthawi zonse. Tsiku lotsekera siinawerengedwe. Alendo anamva ya Peterson, ya ubwino wosesa pabwalo, ndipo anaiyamikira kwambiri. Sabata yomweyo a Simeoni anaitanidwa ku ofesi. Zimene zinakambidwa sindilemba, poti kunalibe ine ndipo iwo sanandiuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti mu Januwale 1932 anatumizidwa ku kasukulu ka udzu kufupi ndi Thekerani, kukaphunzitsa tiana a, e, i, o, u. Tinauzidwa kuti kumeneko kunkafunika munthu wodziwa ntchito. A Emma anasiya chipatala nawatsatira. M'kachipinda ka aphunzitsi ena anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti mkuluyo ndi Mnguru, zinkaonekera pa ukali. Ine ndinayang'anabe m'kaundula.

Everson anakhoza, osati pamwamba, koma anakhoza. Anapatsidwa sukulu kunja kwa esiteti, ndipo apongozi ake anamulola kutenga Doris ndi ana. Iwo eni anakana kuchoka pa chitunda chija. Masamba asanu ndi anayi aja, a Simeoni anawabweza kwa mwini nkhani kudzera mwa Doris, ndipo mayiwo anasonkhezera nawo moto tsiku lomwelo.

A Simeoni ndinakawaona kamodzi kokha ku Thekerani, mu 1936. Anali ataonda, akutsokomola, akulemba zilembo pa mchenga ndi ndodo ija, tiana makumi anayi tikubwereza m'mbuyo mwawo. Titakhala pa mthunzi anafunsa za kalasi yawo yakale. Ndinayesa kuzemba.

"Ng'ombe ija yabwerera?"

"Yabwerera."

"Ndi tchizi chomwe?"

"Ndi tchizi chomwe."

Anapukusa mutu. Pofuna kuwatonthoza ndinati Everson akuphunzitsa bwino, ndipo anthu amawatchula iwo mwaulemu chifukwa cha zimene anachita.

"Wakuuzani ndani?"

Ndinalibe dzina loti ndipereke.

"Musandipake mafuta, a Dixon. Pa zaka khumi ndi chimodzi ndinalandira komposishoni yeniyeni imodzi yokha. Ndinalephera kuisaina, n'kutumiza mafupa ake. Ku Zomba anayankhapo kanthu? Palibe. Mayi uja ananena zoona, inenso ndinkanena zoona, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene ndikanaphunzitsa anthu aja."

Belu lawo, limene linali chidutswa cha khasu chopachikidwa pa mtengo, linalira, ndipo ananyamuka osanditsanzika. Anamwalira ndi chifuwa mu Juni 1938, naikidwa konko. Anasiya ndodo, Baibulo ndi dikishonale yopanda chikuto.

Monga ankafunira, nditchule kumene ndatenga izi. Zambiri ndinaziona ndi kuzimva ndekha. Za ubwana wawo ndatenga m'buku la mpingo ndi m'komposishoni yachiwiri ija. Za moto anandiuza Doris. Koma mayi uja akadali pa chitunda chake, ndipo tiyi tsopano wafika pa nkhokwe. Choncho dzina lakuti Anesi si lawo, ngakhalenso lakuti Everson ndi lakuti Doris si a eni ake. Onse atatu ndawatenga kumanda a kwathu kwa Khwethemule. A Simeoni sakanasaina.